Diresi Lofika Pansi

4 Meyi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti bondo la Ababa lasiya kuwavuta. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yandipanikiza ngati nsapato yobwereka.

M'envulopu muno ndaikamo kapepala ka chikondwerero chathu cha nyimbo za m'chipinda, zija zoimba timagulu ta anthu ochepa. Musakakulungire mabatani ngati chaka chatha, muwapatse Ababa awerenge. Tiyamba Loweruka pa 20 Juni, titseka pa 27. Gulu lathu la anthu anayi, mavayolini awiri, chelo ndi viyola yangayi, lili pa tsamba loyamba. Otsegulira ndife, ndi nyimbo yakale ya zigawo zinayi ija Ababa ankaiimba mluzu pometa ndevu. Lachitatu kudzabwera alendo atatu a zitoliro ndi mayi wina wa piyano amene akuti akamaimba piyano salola munthu kutsokomola. Tsiku lotseka ndifenso, masana, ndi nyimbo yatsopano imene palibe anaimvapo, ngakhale woilemba yemwe.

Nkhani ina ndi yakuti chikondwerero chapeza mkulu watsopano, bambo wa masuti onunkhira amene pakamwa pake sipachoka mawu akuti “nkhope zatsopano”. Watiuza kuti chikondwerero chikatha aona amene akhale ndi amene apume. Tikamayeserera mu holo wayamba kubwera ndi mtsikana wina wa viyola, wongotuluka kumene kusukulu ya nyimbo, n'kumukhazika mzere wachiwiri. Akuti akungophunzira. Ine si mwana, achemwali, viyola m'gulu muno ndi imodzi ndipo mpando wake ndaukhalira zaka 19. Bamboyu akuganiza kuti tsobola wakale sawawa. Andilawe.

Tsono ndili ndi pempho kwa inu atelala a banja lathu. Mundisokere diresi lakuda loimbira. Likhale lotakasuka, ndipo lifike pansi penipeni, loti ndikakhala pa mpando mapazi asaoneke ngakhale chala. Miyeso ndalemba kuseri. Musalifupikitse poganiza kuti ndalakwitsa.

Musavutike ndi kuimba foni, masiku ano sindikhala nayo pafupi. Lembani, ndipo mundiuze zonse za kunyumba.

Ndine mng'ono wanu.

13 Meyi

Iwe Kamakani,

Tonse tili bwino. Alamu ako akupereka moni, ana akufunsa ngati udakali azakhali awo kapena unagulitsidwa pamodzi ndi holo. Bondo la Ababa limawawa pokhapokha ndikawatuma.

Kalata yako ndaiwerenga, miyeso ndaiona, ndipo ndakhala pansi. Ine ndapalasa makina zaka makumi atatu, ndipo anthu amene amapempha diresi lotakasuka lobisa mapazi ndimawadziwa awiri okha: wotupa mapazi ndi woyembekezera. Ngati ndi mapazi, pita kuchipatala, usamangowaphimba. Ngati ndi chinacho, pa zaka 46 zakozo, Mulungu ndi wamkulu. Ungonena msanga ndiyambe kuluka timasokosi, ndipo mwini wake timuone nkhope. Ndikhulupirira si wa masuti onunkhirayo.

Za foni zandikwiyitsa. Sabata yatha ndinaimba kanayi. Utayankha unangoti “eya, eya” ku chilichonse, ngakhale pamene ndinafunsa ngati ukufuna nsalu yonyezimira kapena wamba. Alamu ako akuti kutchuka kwakukwera m'mutu. Ine ndinakuikira kumbuyo, koma mumtima ndinagwirizana nawo. Munthu wa m'tauni kumalembetsa mkulu wake makalata ngati tili pa chibwenzi cha kusekondale.

Ababa kapepala kaja akawerenga mpaka kakufuna kung'ambika. Kalata yako anaiwerenganso kawiri. Kenako anatenga kope lawo lija timalemberana nawo chitsekekereni makutu awo, n'kulemba funso limodzi lokha: “Wasiya liti kuyankha foni?” Ndinawalembera kuti papita miyezi. Anakatsegula chikwama chawo chakale chochunira mapiyano, n'kutulutsa kachitsulo ka mphanda kaja kamene kamalira akakamenya, n'kumakamenya pa bondo ndi kukaluma ndi mano. Akhala akuchita zimenezi masana onse. Ukalamba ndi ntchito ndithu.

Nsalu ndagula wamba, poti “eya” wako sanandithandize. Yankha za mapazizo.

Mkulu wako.

22 Meyi

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu yandiseketsa mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kusiya. Timasokosi musaluke. Mapazi anga ali bwinobwino, ndipo ndi amene akundisunga pa ntchito. Chimene chikuchoka ndi makutu.

Papita zaka ziwiri. Adokotala akuti ndi vuto lomwe lija la Ababa, limayenda m'magazi, ndipo mawu otsika ndi amene amayamba kuthawa. Pa foni ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'mtsuko. Anandipatsa kamakina ka m'khutu. Kumsika kamathandiza, koma ndikagwira viyola kamamveketsa zonse ngati chitseko cha dzimbiri, ndiye kamakhala m'chikwama.

Viyola yanga ndimaimva ndithu, poti imatsamira pa chibwano ndipo mawu amadzera m'fupa. Mavayolini ndimawamva pang'ono, kwinako ndimaona mauta awo. Vuto ndi chelo, poti mawu ake ndi otsika. Gulu ngati lathu lilibe munthu woima kutsogolo ndi kandodo, timayenda pomverana, ndipo wogwira mayendedwe a nyimbo ndi wa chelo. Wathu ndi mdala uja timamutcha a Ndwii, amene takhala moyandikana zaka 19 koma mawu amene wandilankhula sangadzaze envulopu. Chelo yawo inayamba kundisowa, ine n'kumangolowa mongoganizira.

Chelo imaima pa msomali wachitsulo umene amaubaya pansi, ndipo mawu ake amatsika ndi msomaliwo n'kulowa m'matabwa a nsanja. Chaka chatha nsapato inandithina, ndinaivula mobisa n'kuponda thabwa. Achemwali, chelo yonse inakwera m'phazi mpaka m'bondo. Mwamwayi, patapita masiku a Ndwii anasuntha mpando wawo pang'ono, akuti akuthawa mphepo ya pazenera, ndipo kuyambira pamenepo ndimaimva bwino koposa. Poyeserera phazi ndimalibisa kuseri kwa bokosi la viyola. Pamaso pa anthu bokosi saloleza, ndiye chaka chatha ndinavutika ndi diresi lalifupi. Nkhani ya diresi lofika pansi ndi imeneyo.

Tsono Lolemba tapeza nsanja yonse ayalapo kapeti yofiira, yokhuthala ngati matiresi. Bwana uja akuti zithunzi zizioneka bwino. Chikomekome cha mkuyu. Msomali wa chelo tsopano ukuima pa kamphira, ndipo phazi langa likungoponda thonje. Tsiku limenelo ndinalowa mochedwa kawiri, bwanayo akulemba m'kabuku kake, mtsikana uja akuyang'ana pansi. Ndachita mantha, sindibisa. Koma mantha sanalizepo viyola, ndiye ndiona chochita ndi kapetiyo.

Mu holo muno palibe akudziwa. Ababa musawauze, anavutika nazo kokwanira.

Mng'ono wanu.

1 Juni

Mng'ono wanga,

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndalemba makalata atatu n'kuwang'amba. Undikhululukire za timasokosi, ndi za foni zomwe. Ndimakunena kuti wanyada pamene iwe ukumira. Kuno tili bwino.

Ndinene zimene zili kumtima kwanga, ukwiye ngati ukufuna. Bwerera kunyumba. Iwe unali wamng'ono, koma ine ndinali ndi zaka 14 ndipo ndinaona ndi maso anga. Ndinawaperekeza Ababa kusukulu ina kumene ankachuna piyano chaka chilichonse. Atamaliza, mphunzitsi wamkulu anaitana wochuna wina kuti abwerezenso ntchitoyo, Ababa ali chiimire pomwepo ndi chikwama m'manja, ana asukulu akusuzumira pa mazenera. Pobwerera sanandigwire dzanja. Chaka chonse chimenecho sanatuluke pa geti, ndipo piyano sanaikhudzenso. Sindikufuna kudzamva kuti iwenso akuchotsa pa nsanja anthu ovala bwino akuyang'ana.

Choka wekha mutu uli m'mwamba. Wauze kuti watopa, akupatse maluwa, ubwere. Chipinda cha kuseri kwa shopu ndi chako, ndichotsamo nsalu zanga. Ana ofuna kuphunzira nyimbo kuno ndi ambiri, ndipo mwana akalakwitsa nyimbo wogontha ndiye amapuma bwino. Mpando umenewo wakufunditsa zaka 19, koma pakadafunda padajiwitsa galu.

Diresi ndatumiza limodzi ndi kalata ino, poti ndinali nditalidula kale. M'mpendero ndasokereramo tizitsulo ting'onoting'ono kuti lisanyamuke ngakhale utagwedeza mwendo. Usaganize kuti ndagwirizana nawe. Ndangokhala telala amene satulutsa ntchito yoipa.

Ababa sindinawauze. Koma dzulo ndinawapeza akuyeza kutalika kwa diresilo ndi tepi yanga.

Mkulu wako amene akukudera nkhawa.

9 Juni

Achemwali,

Moni kwa onse. Diresi lafika, ndipo landikhala ngati ndinabadwa nalo. Zikomo. Nsalu zanu musachotse m'chipinda chija, kubwerera sindibwerera.

Lachinayi ndinalawirira ku holo anzanga asanafike. Ndinachotsa mipando, n'kuipinda kapeti ija kuyambira kumapeto, n'kuikoka mpaka m'khonde. Ndi yolemera ngati maliro a munthu wonenepa, msana ukundiwawabe. Wosamalira holo anandipeza ndili thukuta lokhalokha, anangovula chipewa n'kubwerera. Tsiku limenelo tinaimba pa matabwa, ndipo sindinachedwe ngakhale kamodzi.

Masana bwana uja, amene tsopano ndikumutcha a Kapeti, anandiitanitsa mu ofesi kufunsa chifukwa. Ndinawauza kuti kapeti imadya mawu, zimene ndi zoona koma theka. Iwo anati akatswiri anayeza kale, ndipo ine ntchito yanga ndi viyola osati mipando. Analamula kuti aiyalenso. Lachisanu ndinalawiriranso, n'kuikokanso. Ulendo uno ndinaifikitsa pa khomo la ofesi yawo kuti aione bwino, poti amaikonda.

Dzulo ndalandira kalata. Tsiku lotsegulira, nyimbo ya Ababa ija, adzaliza ndi mtsikana uja. Kapetiyo aiyalanso n'kuikhomerera ndi timisomali. Ndipo ndapatsidwa mpaka Lachisanu pa 19 kuti ndipereke chifukwa chomveka cha khalidwe langa, apo ayi dzina langa alimata pa mapepala onse, tsiku lotseka lomwe. A mavayolini akundichonderera kuti ndipepese. A Ndwii anangoyang'ana pansi nthawi yaitali ngati ataya ndalama yachitsulo.

Mwandiuza kuti ndichoke mutu uli m'mwamba. Mutu wa munthu wonama kuti watopa, pamene manja akuyabwa, ungakhale bwanji m'mwamba? Ine sindinatope. Zala zanga sizinayambe zamverapo ngati chaka chino. Nkhani ili apa ndi iyi: ndikanena zoona andichotsa chifukwa chogontha, ndikakhala chete andichotsa chifukwa cha mwano. Ndasankha mwano, poti umenewo ndi wangawanga, sindinachite kutengera.

Musalire, ndikukudziwani. Muwauze alamu kuti kutchuka kwatsika m'mutu, kuli m'msana.

Kamakani wanu.

13 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndili bwino. Mkulu wako sanandiuze kanthu, usamukalipire. Makalata ako amabisa m'kabati ya ulusi, momwe ankabisa shuga ali mwana. Koma ndinadziwa kale pa kalata yoyamba. Woimba akasiya foni n'kupempha kubisa mapazi, ine sindifunika womasulira.

Mkulu wako wakuuza za tsiku la kusukulu lija. Anaona ndithu, koma anaona ngati mwana. Ndikuuze zimene sanaone. Pofika tsiku limenelo ndinali nditachuna mapiyano zaka zitatu makutu atatsekeka. Ndinkatseka chitseko, n'kuluma thabwa la piyano ndi mano, mawu n'kumadzera m'mutu. Palibe anadandaulapo. Wochuna wina uja atayesa piyano yanga sanapeze chokonza, anangogwira nsambo ziwiri kuti asaoneke wobwera pachabe. Ndinamuona manja ake.

Chimene chinachitika ndi ichi. Mphunzitsi wamkulu anali atandiitana katatu ndili chofulatira, ine osacheuka. Ndiye anabwera kutsogolo kwanga n'kufunsa ngati ndimamva. Ndinayankha kuti ndimamva bwinobwino. Bodza limenelo ndi limene anaitanira munthu wina. Ndikanati, “Sindimva, koma khalani pansi muyese piyanoyo,” bwenzi nditachuna zaka zina khumi. Makutu sanandichotse ntchito. Linandichotsa ndi bodza, manyazi n'kudzatseka geti. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ine ndakhala kuuna zaka zoposa makumi atatu.

Iwe ukuti wasankha mwano. Mwano umenewo ndi kubisala komweko, kungoti kwavala nsapato zaphokoso. Makani ako ndimawadziwa, unakana bere uli ndi miyezi isanu ndi iwiri. Agwiritse ntchito pa chinthu choyenera. Pita ukawauze pamaso pa anzako onse. Akakuchotsa, akuchotse akudziwa chimene akutaya.

Pa 27 ndikubwera pa basi. Undisungire mpando wa mzere woyamba, pamene dzanja lingafike pa nsanja. Mkulu wako akuti bondo silingalole. Bondo ndi langa.

Bambo ako.

28 Juni

Achemwali,

Kalata ino abweretsa ndi Ababa, akwera basi ya mawa m'mawa. Ali bwino, adya, ndipo akangana kale ndi woyendetsa takisi kudzera m'kope. Mukatsegula kaphukusi kali pamodzi ndi kalatayi mukhale pansi, ndifotokoza.

Kalata ya Ababa inandipeza Lachitatu pa 17. Ndinakwiya nayo tsiku lonse, chifukwa inanena zoona. Lachinayi m'mawa, tonse anayi tili pa nsanja, a Kapeti ali m'munsi ndi kabuku kawo, ndinaimirira n'kunena zonse: makutu, phazi, thabwa, diresi.

Ndinkayembekezera ukali. Chimene chinabwera ndi chisoni, ndipo chinandiwawa kuposa. Bamboyo anapendeketsa mutu, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono motsegula kukamwa ngati akudyetsa mwana. Anati ndine mayi wolimba mtima, ndipo andikonzera mwambo wabwino wotsanzikana, wa maluwa. Ndinawayankha kuti, “Maluwa mukaike pa kapeti. Ichotseni, mukhale chofulatira, tiimbe. Mukapeza pamene ndachedwa, ndinyamula viyola ndekha.”

Asanayankhe, a Ndwii anagoneka chelo pansi. Anatenga msomali wake uja n'kuzula nawo timisomali ta kapeti, n'kuipinda mbali imodzi. Kenako anakodola bwanayo kuti akwere adzaone. Pa thabwa lina panali timabowo tambirimbiri takuda, pamene akhala akubaya msomali zaka 18. Matabwa awiri kuchoka pamenepo panali timabowo tina tatsopano, toyera. Thabwa limenelo ndi limene limadutsa pansi pa mpando wanga.

“Ine ndinasuntha chaka chatha,” anatero. “Mumayesa ndimathawa mphepo? Zenera lija silitseguka.”

Achemwali, chaka chathunthu mdala ameneyu wakhala akuimbira phazi langa, ine n'kumati ndi mwayi. Ndinalira pomwepo, diresi lobisalira lili m'chikwama. Iwo sanandiyang'ane n'komwe. Anangouza bwanayo kuti chelo yawo siimbanso pa kapeti, n'kukhala pansi kuyamba kuchuna.

A Kapeti anakhala chofulatira, tinaimba zigawo zonse zinayi. Potembenuka kabuku kanali kotseka. Tsiku lotsegulira analisiyabe kwa mtsikana uja, akuti chilango cha kukoka katundu wa holo. Ndinakhala kumbuyo n'kumuonera, ndipo analiza bwino, ndisaname. Koma lotseka linakhala langa, ndipo dzulo madzulo asayina kuti mpando ndi wanga chaka chinanso. Chimodzi chokha. Adokotala akuti mwina ndatsala ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Ndizidya zonse mpaka mbale iyere.

Tsopano tsegulani kaphukusiko. Ndi mpendero wa diresi lanu, ndi tizitsulo take tonse. Dzulo masana, tisanakwere pa nsanja, ndinadziyang'ana pa galasi ndipo ndinaona munthu wobisala. Ndinabwereka sizasi kwa wosamalira holo n'kulidula pamwamba pa akakolo. Ndadula mokhota, ndikudziwa, mudzanditukwana ndikadzabwera. Ndinatuluka wopanda nsapato mapazi onse awiri, holo itadzaza. Anthu ananong'onezana, ine osamva, ndiye phindu lake la matendawa.

Ababa anali mzere woyamba ndi jekete lawo la ukwati wanu. Tisanayambe anatambasula dzanja n'kuligoneka pa thabwa la nsanja. Wolondolera anthu anabwera kudzawaletsa, iwo anangomuyang'ana mpaka anachoka. Dzanjalo silinasunthe mpaka nyimbo yatsopano ija inatha. Anthu ataimirira kuomba m'manja, iwo anali akulemba m'kope.

Nditatsika anandipatsa kopelo. Ndinkayesa ndipeza mawu oti ndiwaike m'fulemu. Analemba kuti, “Gawo lachitatu unathamanga.” Ndinalemba kuti sindinathamange, nyimboyo inalembedwa choncho. Iwo analemba kuti ndiye woilembayo anathamanga. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kundifumbatitsa kachitsulo ka mphanda kaja, kali ndi zipsera za mano awo. Pansi pa tsambalo anawonjezera mzere umodzi: “Phazi likadzaleka, mano alipo.”

Chaka chamawa chikondwerero chidzayamba sabata yachitatu ya Juni, ndipo ulendo umenewo mudzabwera, shopu idzatsekedwa. Muyambiretu kuyang'ana nsalu, yonyezimira. Miyeso ndi yomweyo, koma lilekeze m'mawondo.

Ndine mng'ono wanu,
Kamakani.